Kuphwanya Nambala Pochulukitsa: Mafunso ndi Mayankho

Kabuku aka ndi ka aphunzitsi a ku pulayimale m'boma la Ntcheu, makamaka a Sitandade 3 mpaka 6, komanso makolo amene amasuzumira m'makope a ana awo madzulo. Mitengo ya katundu yotchulidwa muno ndi yongoyerekeza. Mukamaphunzitsa muziika mitengo imene ili pamsika wa kwanu sabata imeneyo, chifukwa mwana amene mwamuuza kuti dzira ndi K20 amadziwiratu kuti samuyo ndi yabodza.

Kodi kuphwanya nambala pochulukitsa n'kutani?

Taimani pang'ono pamsika wa Lizulu, m'mbali mwa msewu wa M1, mumvetsere mayi ogulitsa tomato. Tinene kuti mulu umodzi ndi K350, ndipo munthu wa m'basi wati amuikire milu 12 m'jumbo. Mayiwo satulutsa kope kuti alembe 350 pamwamba, 12 pansi. Amawerengera mumtima kuti milu 10 ndi K3,500, iwiri yotsalayo ndi K700, zonse pamodzi K4,200. Dalaivala asanalize hutala, ndalama alandira kale ndipo chenji abweza.

Chimene achita n'chakuti aphwanya 12 kukhala 10 ndi 2, achulukitsa chigawo chilichonse ndi 350 pachokhapachokha, kenako aphatikiza. Pa bolodi zingaoneke chonchi: 12 × 350 = (10 × 350) + (2 × 350). Lamulo lake ndi lomweli basi. Nambala mutha kuiphwanya mmene mungafunire, bola chigawo chilichonse chichulukitsidwe, ndipo mukaphatikiza zotsatirazo mupeza yankho lomwe mukanapeza musanaiphwanye. Mabuku a Chingerezi amalitcha distributive property, ndipo ku sekondale amalilemba ndi malembo kuti a(b + c) = ab + ac.

Ngati amayi a pamsika amazidziwa popanda kuphunzitsidwa, tivutikiranji kuziphunzitsa?

Chifukwa nzeru imeneyi ana amaisiya pakhomo la kalasi. Mtsikana amene amathandiza amayi ake kugulitsa kachewere pa Tsangano Turn-off, wosasokoneza chenji, mukamulembera 12 × 35 pa bolodi amangozyolika. Kwa iye za kumsika ndi zina, masamu a kusukulu ndi ena, okhala ndi malamulo obisika amene amawadziwa ndi aphunzitsi okha. Ntchito yathu ndi kumuonetsa kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi.

Komanso phindu lake silithera pa chenji. Matebulo ovuta aja a 7 ndi 8 amapepuka ndi lamuloli. Kuchulukitsa kolemba chotsitsa, kwa nambala zazikulu, ndi lamulo lomweli lolembedwa mwachidule. Ndipo mwana akadzafika Fomu 1 n'kuuzidwa kuti achotse mabulaketi mu 3(x + 4), akhala akufunsidwa chomwe chija mayi aja anachita ndi milu ya tomato. M'mera m'poyamba: amene anachiona ndi maso ali Sitandade 4 sadzadabwa nacho ku sekondale.

Nanga tiyambire pati? Tilembe lamulolo pa bolodi ana akopere?

Ayi, chonde. Lamulo lizibwera kumapeto, ana atachita kale chinthucho ndi manja kangapo. Yambani ndi kundandika zinthu m'mizere.

Uzani ana abwere ndi zitsekerero za mabotolo, timiyala, njere za chimanga kapena nyemba. Izi ndi zomwe aphunzitsi timazitcha TALULAR, zipangizo zopezeka pamalo pomwepo, ndipo pa phunziro ili n'zokwanira. Gulu lililonse liyale pansi mizere 6, mzere uliwonse zitsekerero 13. Afunseni kuti zilipo zingati. Ena ayamba kuwerenga chimodzichimodzi. Asiyeni, asocherere penapake, atope. Kenako perekani kamtengo kapena udzu umodzi wautali, muwauze augoneke modutsa mizere yonse 6 pamalo poti kuwerenga kuphweke. Posakhalitsa gulu lina liugoneka pambuyo pa chitsekerero cha 10. Mbali imodzi kwakhala mizere 6 ya 10, mbali inayo mizere 6 ya 3. Ndiye kuti 60 ndi 18, pamodzi 78.

Musathamange. Funso lofunika kwambiri m'phunziro lonseli ndi ili: kodi pamene tagoneka udzuwu, zitsekerero zawonjezeka kapena zachepa? Ana aone okha kuti palibe chalowa, palibe chatuluka. Tsopano asunthe udzuwo, augoneke pambuyo pa chitsekerero cha 5. Kwakhala 6 × 5 ndi 6 × 8, ndiye 30 ndi 48, yankho 78 lomwe lija. Asunthenso. Gulu lililonse linene pamene ladula ndi zimene lapeza, inu muzilemba zonse pa bolodi motsatana. Bolodi likadzaza ndi njira zosiyanasiyana zothera pa 78, mwana wina adzanena yekha kuti kulikonse kumene ungadule yankho silisintha. Lamulo lija lanenedwa ndi mwana, m'mawu ake, ndipo limenelo saiwala msanga.

Zinthu zondandikidwa kale m'mizere zili ponseponse. Thireyi ya mazira ili ndi mizere 5 ya mazira 6. Bawo lili ndi mizere 4 ya maenje 8, ndipo mwana aliyense amene anaonererapo agogo ake akusewera amadziwa kuti mizere iwiri ndi ya uyu, iwiri ndi ya uyo: 16 ndi 16, pamodzi 32. Kumunda kuli mizere ndi mapando. Pa uvuni pali njerwa zoyanikidwa. Mwana amene wazolowera kuona 14 × 25 ngati munda wa mizere 14, uliwonse wa mapando 25, savutika kuvomereza kuti bambo atha kubzala mizere 10 mmawa, mapando 250, n'kudzamaliza mizere 4 madzulo, mapando 100, ndipo munda wonse uli ndi mapando 350.

Ana anga matebulo a 2, 5 ndi 10 amawadziwa, koma a 6, 7 ndi 8 awakanika. Kodi njirayi ingathandize?

Apa m'pamene imathandiza kwambiri, ndipo ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito. Kawerengedwe ka makolo athu kamaphwanya kale nambala pa 5. Timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu: dzanja limodzi lathunthu ndi zala zoonjezera za dzanja linalo. Ana a masiku ano amangoti sikisi, seveni, eyiti, ndipo m'mawu amenewo 5 uja samveka. Abwezereni kawerengedwe kakaleko kwa mphindi zochepa.

Mwana waiwala 7 × 8? Anene 7 m'Chichewa. Zisanu ndi ziwiri. Ma 8 asanu ndi 40, ma 8 awiri ndi 16, pamodzi 56. Waiwala 6 × 7? Ma 7 asanu ndi 35, kuwonjezapo 7 mmodzi, 42. Ngakhale 8 × 8 amagonja: 40 ndi 24, yankho 64. Tebulo la 9 ndiye lili ndi njira yake yachidule, yodzera pa 10: ma 6 khumi ndi 60, kuchotsapo 6 mmodzi, 54. Choncho mwana wodziwa bwino matebulo a 1, 2, 3, 5 ndi 10 atha kudzipangira ena onsewo.

Mwina munadzifunsapo chifukwa chake matebulo akale ankafika pa 12. China mwa zifukwa zake chinali ndalama. Kwacha ndi tambala zisanabwere mu 1971, tinkagwiritsa ntchito mapaundi, masheleni ndi makobiri, ndipo sheleni imodzi inali makobiri 12. Lero tebulo la 12 silofunika kuliopa: ndi la 10 kuphatikiza la 2.

Ndiye kuti kuloweza matebulo tisiye?

Musasiye. Mwana amene pa samu iliyonse ayenera kuyamba waphwanya 7 × 8 adzachedwa pa mayeso ndipo adzatopa asanafike pa funso lenileni. Matebulo aziimbidwa ndithu mmawa uliwonse mpaka akhazikike. Chimene tikukana n'chakuti nyimboyo ikhale chokhacho chimene mwana ali nacho, moti akaiwala mzere umodzi n'kungoti kakasi, kapena kuyambiranso nyimbo yonse kuchokera pa 7 × 1. Wodziwa kuphwanya akaiwala amadzipezera yankho, ndipo akadzipezera kangapo limakhazikika lokha.

Mwana wina amandilembera kuti 6 × 14 = 64. Walakwitsa pati?

Musafulumire kuika mtanda wofiira, chifukwa mwanayo wayenda theka la ulendo bwinobwino. Waphwanya 14 kukhala 10 ndi 4, wachulukitsa 10 ndi 6 n'kupeza 60, koma 4 wangomuphatikiza osamuchulukitsa. Zili ngati kupereka moni kwa mlendo mmodzi pamene pakhomo pafika awiri. Kulakwitsa kumeneku n'kofala kwambiri pa mutu uno, ndipo ndi komweko kumene kumadzatulukiranso ku sekondale mwana akamalemba 3x + 4 m'malo mwa 3x + 12.

Kungomuuza kuti "uzichulukitsa zonse" sikuchiritsa. Mubwezereni ku zitsekerero. Ayale mizere 6 ya 14, adule pa 10. Kenako mufunseni: "Iwe, 60 wako ali kuti?" Aloze. "Nanga 4 wako ali kuti?" Akaloza zitsekerero 4 za mzere woyamba, mufunseni kuti zotsala m'mizere isanu yapansiyo ndi za yani. Adzaona yekha kuti wataya 20, ndipo yankho ndi 84. Nthano yaifupi imathandizanso: ana 6, aliyense wapatsidwa mtedza 10 m'dzanja lamanja ndi 4 m'dzanja lamanzere. Kodi mtedza wa kumanzerewo walandira ndi mwana mmodzi yekha?

Ine ndine kholo. Ife tinaphunzira kulemba chotsitsa, kuika nambala n'kusunga ina, ndipo tinkakhoza. Bwanji mukusokoneza ana ndi njira zatsopano?

Bambo, mayi, njira imene munaphunzira ija ndi yabwino ndipo ana anu aiphunziranso. Koma tiyeni tiitsegule tione zimene zili m'kati mwake. Tengani 47 × 6. Munkati 6 × 7 ndi 42, tiika 2 tisunga 4, 6 × 4 ndi 24, kuphatikiza 4 tinasunga uja, 28, yankho 282. Pamenepo mwaphwanya 47 kukhala 40 ndi 7. Ma 7 asanu ndi mmodzi akupatsani 42, ma 40 akupatsani 240, ndipo 240 kuphatikiza 42 ndi 282. Amene munasunga uja si 4 wamba, ndi mateni 4. Mwana amene sakudziwa zimenezi nthawi zina amaphatikiza 4 wosungidwayo ndi 4 wa pamwamba asanachulukitse, n'kupeza 482, osaona chachilendo chilichonse.

Nkhani imakula tikafika pa nambala ziwiri, monga 23 × 14. Mzere woyamba umatuluka 92. Pa mzere wachiwiri ambirife tinangouzidwa kuti "uyambe waika ziro", kapena "ulumphe malo amodzi", popanda wotiuza chifukwa chake. Chifukwa chake n'chakuti 1 wa mu 14 ndi 10, ndipo 23 × 10 ndi 230. Mwana woiwala ziro uja amalemba 23, n'kupeza 115 m'malo mwa 322. Koma amene amadziwa kuti akuphwanya 14 kukhala 10 ndi 4 sangalandire 115, chifukwa akuona kuti ma 23 khumi okha apitirira kale 200.

Kwa aphunzitsi: musanafike pa kulemba chotsitsa, dutsani pa bokosi. Jambulani munda wa makona anayi, mbali ina 23, ina 14. Dulani 23 kukhala 20 ndi 3, dulani 14 kukhala 10 ndi 4. Mwatuluka timinda tinayi: 200, 30, 80 ndi 12, pamodzi 322. Bokosili limagwira kulakwitsa kwina kobisika, kwa mwana amene amachulukitsa mateni ndi mateni, mawani ndi mawani, n'kupeza 200 ndi 12 basi. Pa chojambulacho timinda tiwiri tosalima timachita kuonekeratu. Ine ndimaona kuti sabata imodzi yothera pa bokosi imapulumutsa teremu yonse yokonza maziro oiwalika.

Kodi zimagwira pa kuphatikiza pokha?

Zimagwiranso pa kuchotsera, ndipo ogulitsa m'magolosale a pa Ntcheu boma kapena pa Kampepuza amadalira kwambiri mbali imeneyi. Sopo wa K950, munthu akufuna 8. Wogulitsa amati akanakhala wa K1,000 ikanakhala K8,000, kuchotsapo ma K50 asanu ndi atatu, amene ndi K400, yatsala K7,600. Ana amaikonda njirayi chifukwa imaoneka ngati kuchenjera, ndipo ndi kuchenjeradi.

Pali mbali inanso imene ambiri timaidumpha, yobwerera m'mbuyo. Mlimi wa ku Mlangeni wagulitsa kabichi 37 mmawa pa K400 mmodzi, masana wagulitsanso 13 pa mtengo womwewo. Mwana wongotsata malamulo achulukitsa kawiri n'kuphatikiza, thukuta lili kamukamu. Woona patali aphatikiza kaye 37 ndi 13, apeza 50, ndipo 50 × 400 ndi K20,000. Perekani masamu otere kawirikawiri, monga 17 × 6 + 17 × 4, muone amene ayankhe 170 asanagwire pensulo. Luso limeneli ndi limene ku sekondale amalitcha kufakitoraiza.

Nanga pali pamene lamuloli siligwira?

Alipo malo awiri, ndipo ana ochenjera ndi amene amagwamo, poti akakonda njira amafuna kuigwiritsa ntchito paliponse.

Oyamba ndi pa kugawa. Nambala yogawidwayo mutha kuiphwanya: 72 ÷ 6 ndi 60 ÷ 6 kuphatikiza 12 ÷ 6, ndiye 10 ndi 2, yankho 12. Koma nambala yogawirayo siphwanyidwa. Matumba 60 a chimanga ogawira mabanja 6, banja lililonse lilandira 10. Mukati poti mabanja 4 ali tsidya lino ndipo 2 ali tsidya lija tiwerengere 60 ÷ 4 kuphatikiza 60 ÷ 2, mupeza 45, ndipo mwagawa matumba omwewo kawiri. Ana akaimva nkhaniyi amaseka, ndipo akaseka agwira.

Achiwiri ndi pamene m'mabulaketi muli kuchulukitsa. 3 × (4 × 5) ndi 60. Mwana akapereka 3 kwa 4 n'kuperekanso 3 kwa 5 apeza 12 × 15, amene ndi 180. Izi zisungireni a Sitandade 6 kupita m'tsogolo. Kwa aang'ono zingangowasokoneza.

M'kalasi mwanga muli ana oposa 100, opanda madesiki. Zitsekerero zimenezi zitheka bwanji?

Funso ili ndi loona. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi aang'ono m'sukulu zambiri akhala odzaza kuposa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi amene boma limafuna. Palibe njira yamatsenga. Koma phunziro ili likuyenerera kalasi yaikulu kuposa maphunziro ena ambiri, chifukwa anawo ndiwo zipangizo.

Tulukani nawo pabwalo. Imikani ana 48 m'mizere 4 ya ana 12, monga amaimira pa asembule. Awiri agwire chingwe, adutse nacho pakati pa mizereyo pamalo pamene otsalawo anena. Oonererawo alembe pa dothi ndi chala kuti mbali iyi alipo angati, mbali iyo angati. Sunthani chingwe, alembenso. Kenako agaweni m'magulu, gulu lililonse ndi mulu wake wa timiyala, ndipo m'gulu lililonse muikemo mwana mmodzi amene wagwira kale. Simungathe kuchonga makope 100 tsiku lililonse, koma mutha kulemba samu imodzi pa bolodi, aliyense alembe yankho pa sileti kapena pa pepala, akweze m'mwamba nthawi imodzi. Mukaona ma 64 ambiri pa 6 × 14, mwadziwa poyambira mawa.

Pa misonkhano ya aphunzitsi ku TDC, pemphani a PEA kuti mphunzitsi mmodzi aonetse phunziroli pamaso pa anzake, ena akhale ngati ana. Ambirife tinaphunzira masamu poloweza, ndipo si manyazi kuyala zitsekerero kaye tokha tisanakaime pamaso pa kalasi.

Kodi zimenezi si nzeru zatsopano zongobwera ndi mabungwe?

N'zakale kuposa sukulu iliyonse m'dziko muno. Ku Egypt, mlembi wina dzina lake Ahmes anakopera buku la masamu pa gumbwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, ndipo mbali yaikulu ya bukulo ikusungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. Aigupto sankaloweza matebulo ngati athuwa. Ankangowirikiza kawiri n'kuphatikiza. Pofuna 13 × 24 ankalemba 24, kenako 48, kenako 96, kenako 192, kutanthauza ma 24 mmodzi, awiri, anayi ndi asanu ndi atatu. Poti 13 ndi 8 kuphatikiza 4 kuphatikiza 1, ankatenga 192, 96 ndi 24, n'kupeza 312. Yesani njira imeneyi ndi ana a Sitandade 5 tsiku Lachisanu masana pamene atopa. Imawatsitsimutsa, ndipo mwana wofooka pa matebulo amaona kuti nayenso angathe.

Cha m'ma 300 Yesu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria anaonetsa lamulo lomweli pojambula munda wa makona anayi woduladula, m'gawo lachiwiri la buku lake lotchedwa Elements. Bokosi lija takambali ndi lomwelo. Dzina limene lili m'mabuku a Chingerezi ndi limene linabwera mochedwa: analiyambitsa ndi Mfalansa wina, François-Joseph Servois, mu 1814. Anthu anagwiritsa ntchito lamuloli zaka zoposa 3,000 lisanakhale ndi dzinalo, choncho mwana wa Sitandade 4 akhoza kudikira zaka ziwiri asanalimve.

Koma mayeso a Sitandade 8 amabwera m'Chingerezi. Sitikuwachedwetsa anawa pophunzitsa m'Chichewa?

Mayeso a PSLCE amene amakonza a MANEB amafunsadi masamu m'Chingerezi, ndipo kuyambira Sitandade 5 mawu a Chingerezi a masamu ayenera kumveka m'kalasi tsiku ndi tsiku. Koma mawu amamata pa chinthu chimene mwana wachimvetsa kale. Muloleni afotokoze m'Chichewa mmene wapezera yankho, kenako inu mubwereze zomwezo m'Chingerezi, mulembe pa bolodi ndi manambala. Mwana amene waletsedwa kulankhula Chichewa m'phunziro la masamu sayamba kuganiza m'Chingerezi. Amangosiya kulankhula, ndipo inu simudziwanso chimene chili m'mutu mwake. Tsegulaninso mabuku a masamu ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, muone masamu ochulukitsa amene ali m'menemo. Onse atha kuyalidwa m'mizere kapena kujambulidwa m'bokosi. Simukuchoka pa silabasi.

Masiku ano foni iliyonse ili ndi kakyuleta. Luso limeneli lidakali ndi ntchito?

Foni imayankha zimene chala chadina. Mukadina 35 m'malo mwa 350 sikuchenjezani. Amalonda a m'malire, pa Biriwiri, pa Lizulu ndi ku Tsangano, kumene makwacha ndi ndalama za ku Mozambique zimadutsana m'manja, amadziwa kuti munthu wosatha kuyerekeza yankho mumtima amaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo, foni ili m'manja. Ndipo m'chipinda cha mayeso a Sitandade 8 foni silowa.

Ndidziwa bwanji kuti mwana wamvetsadi, osati wangoloweza njira inanso?

Yankho lolondola palokha silikuuzani zambiri. Mufunseni kuti: "Wapeza bwanji?" Kenako: "Ungapezenso m'njira ina?" Amene wamvetsa atha kuphwanya 8 × 15 pa 10 ndi 5, athanso kuphwanya 8 kukhala 4 ndi 4, ndipo sadabwa kuti konseko kwatuluka 120.

Yesaninso izi. Muuzeni kuti 20 × 16 ndi 320, ndipo mufunseni 21 × 16. Woloweza ayamba kulemba chotsitsa kuchokera pachiyambi. Wina anena 321. Womvetsa angowonjezera 16 n'kunena 336. Funso limodzi limeneli limagawa kalasi m'magulu atatu, ndipo mumadziwa woti mumuthandize chiyani. Kwa akuluakulu a Sitandade 7 ndi 8, lembani kuti mwana wina anati 13 × 13 ndi 109 chifukwa 10 × 10 ndi 100 ndipo 3 × 3 ndi 9. Apeze chimene chasowa, achijambule. Amene aonetse timinda tiwiri ta 30 tosowato n'kufika pa 169 ndi wokonzeka kukakumana ndi aljebra.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndingamuthandize chiyani mwana wanga kunyumba?

Mungamuthandize kwambiri, mayi, mwinanso kuposa amene ali ndi satifiketi, chifukwa kuwerengera kwa mumtima mumakuchita tsiku ndi tsiku. Chimene chimasowa n'chakuti mumawerengera mwakachetechete, mwana n'kungomva yankho. Yambani kuwerengera mokweza. Mukamagulitsa ndowa za kachewere, mukamawerengera ndalama za aganyu olima mizere, mukamaona kuti malata 14 adya ndalama zingati, nenani njira yonse mwana akumva: khumi ndi zakuti, anayi otsalawo ndi zakuti, pamodzi zakuti. Tsiku lina musiyireni iyeyo awerengere, inu mungomvetsera, ndipo akalakwitsa musamukalipire. Mufunseni kuti wadutsa pati.

Akabwera ndi kope lojambulidwa timabokosi m'malo mwa masamu otsitsa amene inu munazolowera, musamuuze kuti aphunzitsi ake alakwitsa. Mupempheni akufotokozereni bokosilo, inunso mumuonetse njira yanu, muone ngati mayankho akufanana. Ndipo ngati pakhomo pali zitsekerero za mabotolo, musazitaye kudzala. Mutsukireni mwanayo apite nazo kusukulu Lolemba.